Mimba sitengedwa m'beseni

Mkangano wakale wabukanso, ndipo ulendo uno udayambira pa pulogalamu ina ya pawailesi yoimbira foni usanafalikire m'magulu a WhatsApp a makolo ndi a amayi a kumpingo. Mayi wina adaimba ali ndi nkhawa, kufunsa ngati mwana wake wamkazi angatenge mimba chifukwa chosamba m'bafa momwe mwangotuluka mnyamata, kapena chifukwa chodzipukuta ndi thaulo la achimwene ake. Oimba foni adagawikana pawiri. Ena adamuseka mayiyo, pomwe ena adalumbira kuti zoterezi zidachitika kumudzi kwawo ndipo mwana wobadwa mwa njira imeneyo alipo mpaka lero. Ine sindili ku mbali ya osekawo, chifukwa funsolo ndi loyenera, ndiponso ambiri mwa iwo mutawapanikiza sangafotokoze chifukwa chake yankho lili "ayi". Komabe yankho ndi lomwelo. Mimba sitengedwa m'madzi osamba, pachimbudzi, pathaulo, pazofunda kapena pazovala zimene umuna waumirapo. Mimba imatheka pamene umuna wauwisi, umene sunaume, wafika kumaliseche kwa mkazi, kaya mkati kaya pakhomo penipeni. Vuto lathu ndi lakuti timaopseza ana ndi ngozi imene kulibe, kwinaku tikuchita manyazi kuwauza za ngozi imene ilipo, ndipo amene amapindula ndi chisokonezo chimenechi si anawo.

Ndiyambe ndi mawu amene timagwiritsa ntchito, chifukwa ndikuganiza kuti ndi amene amatisocheretsa. Timati "mbewu ya abambo", ndipo Mmalawi akamva za mbewu amaganiza za chimanga, mtedza kapena nyemba, zinthu zimene timaziumitsa dala, n'kuzisunga m'nkhokwe kapena m'thumba kuyambira nthawi yokolola mpaka Novembala, mvula ikagwa n'kumera bwinobwino. Munthu amene ali ndi chithunzi chimenechi m'mutu sangalephere kuganiza kuti umuna wouma pansalu ukungodikira chinyezi kuti udzuke. Koma timbewu ta mu umuna sitifanana ndi njere ya chimanga. Timafanana ndi mbande ya tomato imene yazulidwa kunazale n'kuiwalidwa padzuwa: ikafota mpaka kuuma, ngakhale muithirire ndowa yonse siphukanso. Timbewuti ndi tamoyo, tili ndi kamutu ndi kamchira, ndipo ndi tating'ono kwambiri moti 20 titandandalika timangokwana pafupifupi milimita imodzi. Anthu adayamba kudziwa za ito mu 1677, pamene Antonie van Leeuwenhoek wa mumzinda wa Delft ku Netherlands adayang'ana umuna pagalasi lokuza zinthu limene adapanga yekha, n'kulemba zimene adaona. Moyo wa timbewuti umadalira madzi a umunawo, omwe ali ndi shuga wopatsa mphamvu ndi mchere wa mlingo woyenera. Madziwo akauma, timbewu timafa, ndipo kufa kwake n'kosabwerera.

Pali chiwerengero china chimene anthu adachimva molondola koma n'kuchisamutsira pamalo olakwika, ndicho cha masiku asanu. N'zoona kuti timbewu tingakhale ndi moyo mpaka masiku asanu, koma zimenezi zimachitika mkati mwa thupi la mkazi, makamaka masiku amene chikazi chimakhala choterera ndi chotanuka ngati madzi oyera a dzira laliwisi. Chikazi chimenechi chimasunga timbewu pakhomo la chiberekero, pamalo ofunda ndi a chinyezi, kudikira dzira la mkazi lomwe likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha. N'chifukwa chake masiku amene mayi angatenge pakati pa mwezi amakhala pafupifupi 6, ndiye kuti masiku asanu dzira lisanatuluke kuphatikizapo tsiku lotulukalo. Kunja kwa thupi nkhani ndi ina. Pakhungu, pansalu, pasimenti kapena papulasitiki, timbewu timakhala ndi moyo pokhapokha umuna ukadali wonyowa, ndipo nthawi imeneyo ndi ya mphindi, osati masiku. Nsalu imamwa madziwo msanga n'kusiya timbewu titakodwa mu ulusi, ndipo m'dzuwa la Okutobala thaulo lopachika pachingwe silichedwa kuuma. Za chimbudzi ndiye zimandidabwitsa kwambiri, poti ambiri mwa ife timagwiritsa ntchito chokumba chimene munthu amanyonyomala osakhudza kanthu. Ngakhale cha madzi chokhalira, mbali ya thupi imene imakhudza mpandowo ndi ntchafu ndi matako, ndipo timbewu sitiyenda pakhungu louma.

Tsopano nditenge mfundo za otsutsa, kuyambira ndi imene imamveka ngati ya sayansi. Iwo amati umuna wa ulendo umodzi umakhala ndi timbewu mamiliyoni ambiri, pomwe kofunika ndi kamodzi kokha, ndipo timbewuto timasambira. Nanga chingaletse n'chiyani kamodzi kusambira m'beseni mpaka kukafika? Ziwerengerozo sindikuzikana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2021 oyezera umuna, limaika timbewu 39 miliyoni pa ulendo umodzi ngati mlingo wa m'munsi mwa amuna obereka, ndipo amuna ambiri amaposa pamenepo. Koma chiwerengero chomwecho ndi chimene chikugwetsa mfundo yawo. Timbewu timachuluka chonchi chifukwa ulendowo ndi wovuta ngakhale pamene umuna wathiridwa pamalo pake: njira ya abambo ili ndi asidi amene amapha tambiri, tina timakanika pakhomo la chiberekero, tina timalowera kumbali kumene kulibe dzira, moti tofika pafupi ndi dziralo ndi mazana ochepa chabe. Ndiye chifukwa chake banja lachinyamata lathanzi, limene likufuna mwana ndipo likugonana masiku oyenera, limakhala ndi mwayi wa pafupifupi umodzi mwa anayi kapena asanu pa mwezi uliwonse. Ndiye chifukwa chakenso mwamuna amene ali ndi timbewu mamiliyoni ochepa amatha kukhala zaka asanapereke mimba, ngakhale kuti pamasamu a otsutsawa kamodzi kokha kadayenera kukwanira. Ngati mamiliyoni othiridwa pamalo oyenera amalephera kawirikawiri, tingayembekezere chiyani kwa timbewu towerengeka tobalalika m'malita 20 a madzi?

Komanso timbewuto sitikhalitsa m'madzimo. Madzi a pamjigo kapena a pampopi alibe mchere wofanana ndi wa m'thupi, choncho amalowa m'kambewu mpaka kamatupa, kamchira kamapindika, kuyenda n'kuthera pomwepo. Sopo amasungunula kachikopa kake, madzi otentha amakapha, ndipo klorini wa m'madziwe osambiramo kapena wa m'madzi a mtauni amangomaliza. Ngakhale kambewu kathanzi pamalo abwino kamayenda mamilimita ochepa pa mphindi, kutanthauza kuti kuwoloka beseni lokha kungatenge nthawi yoposa ola limodzi, ndipo kalibe maso oti kaone kumene kakupita. Njira ya abambo nayonso si paipi yotseguka imene madzi amangolowamo munthu akakhala m'bafa, chifukwa makoma ake amakhala ogundana. Chenjezo ndi limodzi lokha, ndipo ndilinene pomwe pano kuti wina asandimve molakwika: anthu awiri akagonana m'madzi, kaya ndi kunyanja kaya kumtsinje, mimba imatheka monga mwa nthawi zonse, chifukwa umuna umathiridwa mkati momwe madziwo sakufikamo.

Tisadzione ngati ndife tokha amene nkhaniyi imatizunguza. Mu Febuluwale 2020, Sitti Hikmawatty, mmodzi mwa akuluakulu a bungwe la boma loteteza ana ku Indonesia, adauza atolankhani kuti mkazi angatenge mimba posambira m'dziwe limodzi ndi amuna a umuna wamphamvu. Madokotala a m'dzikolo adatsutsa poyera, iye adapepesa, ndipo mu Epulo chaka chomwecho adachotsedwa paudindo. Chimene chidakwiyitsa anthu sichidali kulakwitsa sayansi kokha ayi, koma kuti wolakwitsayo adali munthu amene ntchito yake idali kuteteza ana.

Mfundo yachiwiri ndi ya umboni, ndipo ndi imene ili ndi mphamvu kwambiri m'mitima ya anthu. Munthu amati: "Ine ndikumudziwa mtsikana amene sadagonepo ndi mwamuna, anankungwi adamuona n'kutsimikiza kuti ndi namwali, koma adapezeka ndi pakati." Sindikunena kuti wolankhulayo ndi wabodza, ndipo nthawi zina ngakhale mtsikanayo sanama. Pali njira yodziwika imene izi zimachitikira popanda beseni kulowapo. Mnyamata ndi mtsikana amagwirizana zoti "angosewera kunja", mnyamatayo n'kuthira umuna pakhomo pa maliseche, kapena kuugwira ndi zala n'kugwiranso mtsikanayo umunawo usanaume. Kachikopa kamene timati chizindikiro cha unamwali kali ndi kabowo, apo ayi magazi a msambo sakadatuluka, ndipo pamene magazi amatulukira timbewu tingalowerepo. Mwayi wa mimba mwa njira imeneyi ndi wochepa poyerekeza ndi kugonana kwenikweni, koma ulipo ndithu, ndipo mtsikana wotero akamalumbira kuti sadagone ndi mwamuna amakhala akunena zoona monga momwe iye akumvera mawuwo. Palinso ena amene amakana chifukwa cha mantha, poti kuulula kumatanthauza kukwapulidwa, kuthamangitsidwa pakhomo, kudulidwa kumpingo kapena kusiya sukulu. Mu 2013 magazini ya madokotala ya BMJ idafalitsa kafukufuku wa ku America amene adatsatira atsikana ndi amayi achitsikana 7,870 kwa zaka zambiri, ndipo 45 mwa iwo adanena kuti adatenga mimba asanagonepo ndi mwamuna. Ofufuzawo adapeza kuti zimenezi zinkanenedwa kwambiri ndi amene adalonjeza poyera kusunga unamwali, komanso amene makolo awo ankavutika kukamba nawo za kugonana ndi kulera. Kunena kwina, nkhani ya mimba yopanda mwamuna imamera pamene kunena zoona kuli kowawa. Idamera choncho kalekale: Ibn Rushd, katswiri wa ku Cordoba, mzinda wa ku Spain, wa m'zaka za m'ma 1100, adalemba za mayi amene adalumbira kuti adatenga mimba m'bafa momwe mudasamba amuna, ndipo mu 1646 dokotala wa ku England, Thomas Browne, adaitsutsa nkhaniyo. Umboni wa nkhani yakaleyo ndi wofanana ndi wa oimba foni a lero, ndiwo lumbiro la munthu amene akadalangidwa akadanena zina.

Mfundo yachitatu imachokera kwa anthu owerenga. Iwo amati: ngati umuna umafa m'mphindi zochepa, zimatheka bwanji kuti kumaiko ena umasungidwa zaka n'kuberekabe ana? N'zoona kuti umasungidwa, ndipo mimba zoyamba zochokera ku umuna wosungidwa mozizira kwambiri zidalengezedwa ku Iowa, m'dziko la America, mu 1953. Koma sitikufunika kupita kutali kuti tione zimene kusungako kumafuna, chifukwa alimi a ng'ombe zamkaka a ku Thyolo ndi madera ena amaziona pakhola pawo. Mlangizi wopereka umuna wa nkhunzi amabwera ndi chigubu chachitsulo chokhala ndi nayitirojeni wamadzi, amene kuzizira kwake ndi madigiri 196 kunsi kwa ziro. Umunawo umakhala m'timachubu topyapyala ngati kaphesi ka udzu, utasakanizidwa kale ndi mankhwala oteteza timbewu kuti tisaphulike ndi kuzizira. Amatulutsa kachubu kamodzi mwachangu, n'kukaviika masekondi angapo m'madzi ofunda a mlingo wa kutentha kwa thupi, kenako amakapukuta mosamala kuti dontho la madzi lisakhudze umunawo, poti madzi amapha timbewu. Akatero amathamangira kukhola, chifukwa ali ndi mphindi zochepa zokha, ndipo amalowetsa chida chake mpaka kudutsa khomo la chiberekero cha ng'ombeyo, pa tsiku limene mlimi waona kuti ili pa nyengo yake. Ngakhale atachita zonsezi mwaluso, ng'ombe zambiri sizitenga ulendo woyamba ndipo amabweranso. Mlimi amene waonerera ntchito imeneyi, n'kulipira ndalama zake kawiri, sangavomere kuti zomwezo zimachitika zokha pathaulo lopachika kuseri kwa chitseko. Owerenga omwewo amawonjezera kuti sayansi sinena kuti chinthu n'chosatheka kotheratu. Pa mawu okha akunena zoona, koma mayi amene akulera mwana sakufunsa za mawu. Akufunsa ngati pali chifukwa chodera nkhawa, ndipo pa beseni, pachimbudzi ndi pa nsalu youma chifukwa chimenecho palibe.

Ndafika pa mfundo imene ndimailemekeza kuposa zonse, chifukwa imachokera kwa makolo ndi alangizi amene amakonda ana awo. Ambiri mwa iwo amadziwa kapena amakayikira kuti nkhani ya beseni si yoona, koma amati mantha amenewa ndi othandiza: mtsikana akamaopa ngakhale thaulo la mnyamata, ndiye kuti mnyamata weniweniyo amuopa koposa. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo makolo athu adali ndi nzeru poika malire pakati pa ana aamuna ndi aakazi akatha msinkhu. Malirewo sindikuwatsutsa. Kuti mtsikana akhale ndi thaulo lakelake ndi beseni lochapira zovala zake zamkati ndi ukhondo wabwino, ndi ulemu, ndipo kumapewetsa matenda a pakhungu monga zipere ndi mphere. Chimene ndikutsutsa ndi kumangira malire abwinowo pa bodza, chifukwa ndidaona ndi maso anga zimene bodzalo limachita.

Ndili wamng'ono ndinkakhala kwa azakhali, m'nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi bafa limodzi la kunja. Lamulo lawo lidali lakuti atsikana azisamba anyamata asanalowe, ndipo ankabwereza mawu omwewo pafupifupi sabata iliyonse: "Iwe mwana iwe, usadzayerekeze kuchapa panti wako m'beseni la achimwene ako, udzatibweretsera manyazi pakhomo pano." Msuweni wanga wina, ali ndi zaka 13, adachedwa kudzuka tsiku lina ndipo adasamba pambuyo pa anyamata. Mwezi umenewo msambo wake sudabwere, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa atsikana amene angotha msinkhu, ngakhale kuti panthawiyo palibe amene adamuuzapo zimenezi. Kwa masabata awiri mwanayo ankangotola nsima pang'ono n'kusamba m'manja, usiku n'kumalira chamumtima atafunda kumutu. Mnzake wa kusukulu adamulangiza kuti asungunule sopo waufa m'kapu amwe kuti "zituluke", ndipo adapezeka ali ndi kapuyo m'manja kuseri kwa khitchini. Mwana amene sadakhudzidwepo ndi mwamuna adatsala pang'ono kudzivulaza pofuna kuchotsa mimba imene kudalibe. Azakhali adakhala pansi n'kugwira kukamwa, ndipo mawu okha amene adatuluka adali akuti: "Mwana wanga, bwanji sudandifunse?" Koma akadafunsa bwanji, poti amene adamuuza za beseni ndi iwo omwe?

Kuipa kwina kwa mantha onama n'kwakuti satha okha, amapita ndi chikhulupiriro cha mwana mwa makolo ake. Tsiku limene mtsikana azindikira, kaya m'kalasi la Biology kaya pafoni ya mnzake, kuti nkhani ya thaulo idali yongomuopseza, amayamba kukayikiranso zina zonse zimene adauzidwa, kuphatikizapo zoona. Pamenepo mphunzitsi wake amakhala mnyamata amene akumuuza kuti ulendo woyamba sapereka mimba, kuti choimirira satenga, kuti akasamba msangamsanga kapena akakodza zonse zimatuluka, zomwe ndi zabodza zokhazokha. Ndipo ngati mantha akadakhala njira yolerera, bwenzi zipatso zake tikuziona. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko muno adali atabereka kale kapena ali ndi pakati poyamba. Atsikana amenewa adakula akumva machenjezo ambirimbiri. Chimene ambiri sadamve ndi kufotokoza komveka kwa momwe mimba imalowera.

Ena amapitiriza mfundo yomweyi n'kunena kuti kuuza achinyamata kuti umuna wouma ndi wakufa kuli ngati kuwapatsa chilolezo choti azisewera bola asalowetse. Nkhawayi ikadakhala yomveka tikadakhala kuti tikuwauza theka lokha. Koma theka linalo ndi limene limatseka khomo limenelo, chifukwa limanena mosabisa kuti masewera a kunjawo ndi amene ali ndi ngozi. Kukhudzitsana maliseche popanda chovala, kuthira pakhomo, zala zonyowa ndi umuna, zonsezi zingabweretse mimba. Ngakhale timadzi toyamba timene timatuluka mwamuna asanathire tingakhale ndi timbewu: kafukufuku wa ku England wofalitsidwa mu 2011 adayeza amuna 27 n'kupeza timbewu m'timadzi ta amuna 11, ndipo mwa 10 timbewuto tinkayenda. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kuthira panja kumagwiritsira anthu mwala, moti mwa mabanja 100 odalira njira imeneyi monga momwe anthu amaichitira masiku onse, pafupifupi 20 amapezeka ndi mimba chaka chisanathe. Komanso matenda monga chindoko ndi njerewere za kumaliseche amafala pongokhudzana khungu, osadikira kulowetsa. Mnyamata kapena mtsikana amene wamva zonsezi wachenjezedwa mokwanira kuposa amene wangouzidwa kuti aziopa beseni. Bungwe la UNESCO, litaunika kafukufuku wa m'maiko ambiri, lidanena m'malangizo ake a mu 2018 kuti maphunziro olondola a zakugonana sachititsa achinyamata kuyamba msanga, ndipo nthawi zambiri amawathandiza kudikira. Ifenso tidadutsamo kale m'njira imeneyi pa nkhani ya Edzi. Padali nthawi imene anthu ankaopa kumwera kapu imodzi, kugwirana chanza kapena kulowa chimbudzi chimodzi ndi wodwala. Azaumoyo atalimbikira kunena kuti kachilombo sikafala choncho, anthu sadasiye kusamala. Adasiya kusala odwala, ndipo maso awo adalunjika kumene kachilomboko kamadzera.

Kudziwa kusiyanitsa kumathandizanso pa tsiku la vuto, chifukwa zochita zake n'zosiyana. Mtsikana amene wakhala pachimbudzi chonyowa kapena wavala chitenje cha pabedi la mchemwali wake wokwatiwa sakufunika mankhwala alionse. Akufunika munthu womukhazika mtima pansi n'kumuuza kuti msambo umatha kuchedwa chifukwa cha msinkhu, nkhawa, matenda kapena kuchepa kwa chakudya. Koma amene umuna wauwisi wafika kumaliseche kwake ali ndi nthawi yowerengeka. Mapiritsi olera a pangozi amagwira bwino akamwedwa msanga, makamaka maola 72 asanathe, ngakhale kuti angathandizebe mpaka maola 120, ndipo ntchito yake ndi kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke timbewu tikadali ndi moyo. Sachotsa mimba imene yakhazikika kale. Lupu nayonso ikaikidwa masiku asanu asanathe imateteza kwambiri. Thandizoli limapezeka m'zipatala za boma, ku Banja La Mtsogolo ndi ku FPAM, bungwe lothandiza pa za kulera. Mtsikana amene adakula akumva kuti mimba imachokera paliponse sadziwa kuti tsiku loti athamange ndi liti, choncho amalira pamene palibe kanthu, ndipo pamene pali kanthu amangokhala chete kudikira mwezi.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri pa chikhulupiriro chimenechi ndachisiya kumapeto. Mwana wa zaka 13 kapena 14 akapezeka ndi mimba, akuluakulu a pakhomo n'kugwirizana kuti adaitengera m'bafa kapena pazofunda, nkhaniyo imakhala ikutchinjiriza munthu. Nthawi zina banja limakhulupiriradi, ndipo nthawi zina limasankha kukhulupirira chifukwa wolakwayo ndi amene amagula ufa, kulipira lendi kapena fizi: bambo womupeza, malume, mlamu, mlendo wogona pabalaza. Beseni silingatengeredwe kupolisi, choncho mlandu umathera pomwepo, mwanayo n'kupitiriza kugona nyumba imodzi ndi amene adamuwononga, pamodzi ndi ang'ono ake. Malamulo oyendetsera dziko lino adasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kugona mwana wa msinkhu umenewu ndi mlandu waukulu. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, m'zipatala zingapo zikuluzikulu muli malo a Chikwanekwane kumene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere kwa mwana kapena aliyense wofuna kumuthandiza. Mwana wogwiriridwa akafika kuchipatala maola 72 asanathe amalandira mankhwala oteteza ku HIV pamodzi ndi oteteza mimba, koma maola amenewo amatha banja likukambirana za amene adasamba poyamba. Mwana amene oimba foni aja akuti adabadwa kuchokera m'madzi osamba ali ndi bambo ake omubereka, ndipo m'mudzi umenewo muli munthu amene akudziwa dzina lawo.